Lumbiro la Anyamata a Ashgrove

Belu la pa koleji ya Ashgrove lili ndi ntchito imodzi yokha, kulira timu ya mpira ikapambana. Chaka cha 1930 linalira Loweruka lililonse, mpaka wolizayo anatuluka matuza m'manja. Tawuni yonse inachita ngati yazungulira mutu. Amuna a ku fakitale ya zitsulo ankaponya zipewa m'mwamba, ometa tsitsi ankasiya anthu thovu lili kumaso, ngakhale abusa amene ankayamba ulaliki ndi nkhani ya zigoli. Koma pa nyumba ya a Hruska, kumunsi kwa njanji, belulo likangoti ngoo, mayi ankadzuka n'kutseka mawindo onse.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Chaka chapitacho, pa masewero omaliza olimbana ndi koleji ya Tilden, mwana wawo Stefan anagundidwa mutu. Mpira wathu uno si wa ana ayi. Munthu amaukumbatira pachifuwa n'kuliyatsa liwiro, zimphona za timu ina zikumusaka kuti zimugwetse, kumutu atangovala kachipewa kachikopa kofewa ngati nsapato yakale. Stefan anagwa, anadzuka, anapukusa mutu, n'kusewera mpaka wezulo yomaliza. Madzulo ake anadya pamodzi ndi abale ake. M'mawa mwake sanadzuke.

Amene anakhala naye pafupi patebulo madzulo amenewo anali mlongo wake Velma. Ndi iye amene anaona dzanja la Stefan likuphonya mchere. Ndi iye amene ankangofunsidwa funso limodzimodzi lakuti, "Kodi tawina?" Iye ankaseka, poganiza kuti achimwene ayamba nthabwala zawo zija. Kuseka kumeneko kunamukhala pakhosi chaka chathunthu, ndipo Loweruka lina lililonse ankamva ngati nsapato za Stefan zikukwera masitepe a pakhonde.

Tsiku la maliro Bambo Hruska analankhula mawu amodzi okha, kuti munthu wa mpira asadzaponde pakhomo pawo iwo ali moyo. Kochi wa timu, a Thayer, atabwera ndi nkhata ya maluwa, anabwezedwa pageti ndi maluwa awo omwewo.

Koma mtima, abale inu, sumva malamulo a bambo. Mwa anyamata onse a mu Ohio, Velma anakagwa m'chikondi ndi Orrin Maddox, yemwe anatenga malo enieni a Stefan m'timumo.

* * *

Ankakumana Lolemba masana m'sitolo ya mankhwala, pa katebulo ka kumbuyo komwera khofi, kumene anthu a kumunsi kwa njanji sankafikako. Lolemba la sabata ya masewero omaliza Orrin anafika akuyenda pang'onopang'ono, n'kusankha mpando wofulatira windo.

"Ndiye ndevu zimenezi uzimeta liti? Ukuoneka ngati tonde," anatero Velma.

"Loweruka, tikathana nawo a Tilden. Mwambo ukuudziwa. Timu ikamapambana sitisintha kalikonse. Ndevu osameta, juzi osachapa."

"Juziyo ndainunkha usanalowe n'komwe."

"Limenelo ndi fungo la chikho, mayi."

"Chikho chake cha m'khola?"

Orrin anaseka, kuseka kwake kuja koonetsa dzino lobenthuka. Anali mwana wa wokumba malasha wa kutsidya kwa mtsinje, wa mapewa odzaza chitseko, koma wamanyazi ngati mwana wa sukulu akakhala pamaso pa Velma. Chaka chimenechi chinali chomaliza kwa iye pakolejipo.

"Mayi ako ali bwanji?" anafunsa.

"Chifuwa chija chachepako."

"Bola. Tamvera, Velma. Tikapambana Loweruka, kampira kagolide kaja ndi kako. Ndavutika kubisala kuseri kwa mabotolo a mankhwala."

Velma anaweramitsa nkhope. Timu ikatenga chikho, aliyense amene wasewera masewero omaliza amalandira kampira kagolide kakang'ono ngati mtedza. Mnyamata sakasunga kameneka. Amakapereka kwa mtsikana amene akufuna kumanga naye banja, ndipo mtsikanayo akakavala pakhosi, tawuni yonse imadziwa kuti pamenepa pali mwini wake.

"Ababa adzakuthamangitsa ndi fosholo," anatero Velma.

"Ndathamangitsidwa ndi anthu oposa bambo ako. Ndidzaima pagetipo mpaka ndimere mizu." Anatsinzina, n'kupotokola khosi pang'ono. "Mayi ako ali bwanji?"

Velma anamuyang'ana. Nkhope ya Orrin inalibe nthabwala ina iliyonse, ankadikira yankho ndithu. Kenako anatambasula dzanja kuti atenge kapu, dzanjalo n'kudutsa pambali, khofi yense khuthu patebulo.

"Taona, chikondi chandinjenjemeretsa," anatero akupukuta ndi mkono wa jekete.

Velma sanaseke ulendo uno.

"Orrin, Loweruka lija, atakugwetsa pafupi ndi mzere, unagunda pati?"

"Palibe. Pang'ono chabe. Kodi wayamba udokotala?"

* * *

Maxine Thayer, mwana wa kochi, anali ndi galimoto yakeyake yachikasu ndi lilime lakuthwa ngati lezala. Anayamba kumufuna Orrin kalekale, ndipo kukana kwa mnyamatayo kunangowonjezera njala yake. Lachitatu masana anaimitsa galimotoyo pambali pa Velma, yemwe ankachokera kogula buledi.

"Kwera ndikuperekeze, mnzanga. Kuzizira kumeneku ungadwale, ena n'kulephera kusewera."

"Miyendo ndili nayo, zikomo."

"Ndi za Orrin."

Velma anakwera. M'galimotomo munkanunkhira mafuta odula, ndipo anachita manyazi ndi magolovesi ake osokasoka.

"Usadandaule, za m'sitolo ya mankhwala ndinazidziwa kale," anayamba Maxine. "Mumayesa mwabisala, chonsecho mapazi ali panja. Koma si zimene ndakuitanira. Dzulo atamaliza zokonzekera, bwenzi lakolo linasanza kuseri kwa chipinda chovalira. Kenako linalowa n'kumafunsa kuti zovala zake lasiya pati, zili m'manja mwake. Anyamata onse anaona. Onse ali chete."

"Nanga bambo ako?"

"Ababa amaona zimene akufuna kuona. Sabata ino maso awo ali pa chikho basi."

"Ndiye bwanji osakawauza adokotala a pakoleji?"

"Ine?" Maxine anaseka, akukonza tsitsi pa kagalasi. "Kuti tawuni yonse indilavulire? Kuti Orrin asadzandiyang'anenso mpaka kufa? Ayi mayi, ine sindinapenge. Komanso zizindikiro zake ine ndingazidziwire kuti? Amene unaziona ndi maso ako ndiwe."

Velma anauona msampha bwinobwino, chingwe chake ndi nyambo yomwe. Akakhala chete, Orrin alowa m'bwalo ndi mutu umenewo. Akalankhula, Orrin amutaya, ndipo womutola wakhala kale pachiwongolero apa, milomo itapakidwa.

"Ulibe mtima iwe," anatero Velma.

"Mtima ndili nawo, n'chifukwa chake ndakuuza. Kungoti wanga umadziwa kudikira. Tsika apa, ndisafike kwanu, bambo ako angandiphwanyire galasi."

* * *

Lachinayi timu yonse inapita ku manda a Stefan, monga ankachitira masewero aakulu akayandikira. Velma anaima patali, kuseri kwa mtengo, akuona anyamata andevu aja atavula zipewa mphepo ikuwomba. Anzake atachoka, Orrin anatsala. Velma anatuluka.

"Usasewere Loweruka," anatero, osapereka ndi moni yemwe.

"Velma, pano ndi pamanda."

"Ndikudziwa pamene ndaima! Wagona apayu ndinadya naye ine. Anaphonya mchere ngati mmene unaphonyera kapu. Ankandifunsa funso limodzi mobwerezabwereza, ngati iwe. Kuwala kunkamupweteka m'maso. Orrin, ndikakuyang'ana ndikuona iye. Ndikuchita mantha, mantha enieni."

Orrin anazunguza chipewa m'manja, maso ali pa mwala wa pamanda.

"Mutu umawawa aliyense m'timumu. Wina akusewera ndi nthiti yothyoka, wina chala chinatembenukira kumbuyo. Lamulo lake ukulidziwa, ukatuluka m'chigawo chachiwiri subwereranso. Ndiye munthu umangoluma mano."

"Stefan analumanso mano."

"Tinalumbira, Velma." Mawu ake anatsika. "Iwe unali m'nyumba ndi mayi ako, sunaone. Tisananyamule bokosi lake, tonse tinaika manja pamwamba pake. Tinati chaka chamawa tidzagonjetsa Tilden, ndipo palibe mmodzi wa ife adzatuluke m'bwalo ndi miyendo yake. Ndinaika dzanja ili. Ndimamulota, ukudziwa? Amabwera atavala juzi yake yamatope, n'kuima kumapeto kwa bwalo, osalankhula. Amangondiyang'ana ngati akufunsa kuti mpira uja uli kuti."

"Ine amabwera kwa ine ali ndi njala, akufuna mchere. Ndiye tikhulupirire loto la yani?"

Orrin anamwetulira mwachisoni, n'kumugwira tsaya ndi dzanja lake lokhakhala.

"Masewero amodzi okha. Akatha amenewa mpira ndausiya, ndikulonjeza. Ndidzameta, ndidzavala suti, ndidzabwera kwa bambo ako ndi kampira kako m'thumba."

"Kampirako ndidzakavale pa maliro ako?"

"Usatero." Anachotsa dzanja. "Ndipo tamvera. Zimene waonazi zikhale pakati pa iwe ndi ine. Ukauza munthu, wandipha ndi manja ako. Ndilonjeze."

Velma sanalonjeze, komanso sanakane. Anangoyang'ana dzina la mlongo wake pamwalapo mpaka zilembo zinasungunuka m'misozi.

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo mayi anaphika kabichi wokulungamo nyama, koma Bambo Hruska sanakhudze foloko. Anakhala manja ali patebulo, manja akuda ndi zipsera za moto wa ku fakitale.

"Lero kuntchito anthu amandipatsa mafuno abwino," anatero mwapang'onopang'ono. "Akuti ndapeza mkamwini wothamanga kuposa kavalo. Uthengawo akuti wachokera kunyumba kwa kochi. Ine bambo wake ndine womaliza kumva. Velma, n'zoona?"

"N'zoona, ababa."

"Mayo ine!" mayi anagwira pakamwa.

"M'nyumba muno mwachepa maliro? Ndinanena chiyani ine tsiku lija?" anatero bambo.

"Munanena, ababa, ndipo ndinamva. Koma ndimamukonda. Ndayesetsa kumuiwala, zakanika. Mundikalipire mawa, mundithamangitse ngati mukufuna. Lero ndithandizeni nzeru. Orrin anagundidwa mutu Loweruka lapitali. Akuchita zonse zimene ankachita Stefan. Ndipo akuti asewera."

Supuni ya mayi inagwera pansi. Palibe anaitola.



"Ali ndi mayi ake mnyamatayo?" anafunsa Bambo Hruska.

"Ali nawo, kutsidya kwa mtsinje."

"Ndiye ukudikira chiyani? Ine sindinaone kanthu madzulo aja, ndinali kalikiliki kunyadira mwana wanga. Iwe waona. Munthu akaona moto padenga la mnzake safunsa kaye ngati mwini nyumba akondwere."

"Adzandida, ababa."

"Akude. Munthu akamadana nawe ndiye kuti akupuma." Anadzuka, n'kutenga chipewa chake. Pakhomo anatembenuka. "Koma usaganize kuti ndasintha mawu anga."

* * *

Lachisanu m'mawa Velma anakwera chitunda chopita ku koleji. Msewu wonse unali mbendera zofiira ndi zoyera. M'mawindo a masitolo anthu anali atalembamo dzina la Orrin ndi penti, ndipo wogulitsa nyama anali atapachika nkhumba yovekedwa juzi ya a Tilden. Aliyense amene ankakumana naye ankaseka. Iye yekha ndiye ankayenda ngati wopita kukapereka m'bale wake kwa apolisi.

Dokotala Winslow anali nkhalamba ya magalasi ochindikala. Ndi iwo amene anabwera m'mawa uja kudzatseka maso a Stefan, ndipo atangomuona Velma anaima.

"Mwana wa a Hruska. Mayi ali bwanji?"

"Sindinabwerere mayi, adokotala."

Anafotokoza zonse, za kapu, za funso lija, za kusanza. Adokotala anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

"Ukudziwa chimene ukundipempha, mwana wanga? Ndikamuletsa Maddox, tawuni ino itiwotcha tonse awiri."

"Chaka chatha munati mukanadziwa msanga."

Nkhalambayo inatsinzina ngati yamenyedwa mbama.

"Ndinatero," anavomera. "Chabwino. Ndimuyeza masana ano. Dzina lako sinditchula."

"Musavutike, adokotala. Alipo kale amene alitchule."

* * *

Loweruka kunacha ndi mitambo yotuwa. Chiyambire maliro aja Velma anali asanapondenso ku bwalo la mpira, koma tsiku limenelo miyendo inamutengera komweko. Anakhala pamwamba penipeni, mpango utaphimba theka la nkhope.

Timu itatuluka, anthu anaimirira ndi mfuwu. Kenako mfuwuwo unayamba kuzilala, n'kusanduka manong'onong'o. Orrin Maddox sanali pakati pa othamangawo. Anatuluka pambuyo pa onse, atavala jasi lakuda, n'kukakhala pa benchi. Pafupi naye panali malo opanda munthu, pomwe anyamata ankaikapo chipewa chachikopa cha Stefan masewero aliwonse. Velma anali asanamvepo za chipewacho. Atachiona, chakuda ndi thukuta lakale, chitakhala phee pafupi ndi Orrin ngati anthu awiri akucheza, anayang'ana kumbali.

"Akuti adokotala amuletsa," anatero bambo wina kutsogolo kwake.

"Adokotala ati? Wachita mantha ameneyo! Ana a m'migodi amatero, phokoso lambiri, tsiku lenileni m'mimba mwatsegula."

"Ayi, akuti ndi mkazi wamuneneza. Mwana wa Hruska uja."

"Ha! Mlongo wake anafera timu, iye akuigulitsa?"

Velma anakweza mpango mpaka m'maso.

Masewerowo anali nkhondo yeniyeni. Matope anafika m'mawondo, moti pofika chigawo chachiwiri sukanasiyanitsa wa Ashgrove ndi wa Tilden. Munthu akagwa, Velma ankatsinzina n'kumapemphera mpaka adzuke. Koma maso ake ankabwerera pa benchi paja. Mpira ukapita kumanja, thupi la Orrin linkapendekera kumanja. Kangapo konse anadzuka n'kupita kwa a Thayer, akulankhula ndi manja, akupempha. A Thayer ankangoloza adokotala, amene anakhala kumapeto kwa benchi chikwama chili pamiyendo, osagwedezeka ngati chitsa.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, wolowa m'malo mwa Orrin, munthu amene chaka chonse ankangotenthetsa benchi, anaterereka pakati pa zimphona ziwiri n'kugwera kuseri kwa mzere wa chigoli, mpira uli pachifuwa. Bwalo linaphulika. Ashgrove inatenga chikho, osagonja ngakhale kamodzi chaka chonse. Anthu anathyola mpanda, ananyamula anyamata amatope aja pamapewa, belu nalo linayamba kulira ngati lithyoka.

Pa benchi panatsala munthu mmodzi wa jasi lakuda lija, lopanda ndi dontho lomwe la matope. Palibe anamunyamula. Velma anaona chipewa chachikasu cha Maxine chikudutsa m'chikhamu, chikulunjika pa benchipo. Mtsikanayo anawerama n'kunong'oneza Orrin m'khutu.

* * *

Orrin anabwera dzuwa lisanalowe. Velma anamuonera pawindo ataima pageti, ndevu zili zosameta, manja ali m'matumba. Anatuluka osavala ndi jasi lomwe. Kumtunda kwa msewu, pafupi ndi njanji, galimoto yachikasu inali itaima, injini ikulira.

"Ndiwe?" anafunsa Orrin.

"Ndine."

"Ndimayembekezera kuti ukana. Njira yonseyi ndimati, Maxine ndi wabodza, Velma wanga akana."

"Sindingakunamize."

Orrin anagwedeza mutu, akuyang'ana pansi.

"Chaka chonse ine ndakhala ndikuwanyamula pamsana anzanga a m'timu. Lero agawana timipira tawo m'chipinda chovalira. Aliyense dzina lake likuitanidwa, langa ayi. Sindinasewere masewero omaliza, mwambo ndi mwambo. Anyamata aja akulephera kundiyang'ana kumaso. Onse asunga lumbiro, kupatula ine."

"Sunaliphwanye ndiwe. Ndaliphwanya ndine. Stefan akafuna wofunsa, abwere kwa ine."

"Dzanja linali langa, Velma!" Anakuwa, kenako anagwira chipumi n'kutsamira pageti mpaka ululu unadutsa. Atalankhulanso, mawu anali ofooka. "Adokotala akuti diso lamanzereli silikutsata kuwala. Akuti ndikanagundidwanso kamodzi, mwina bwenzi pano tikunena zina. Lolemba akunditumiza ku chipatala chachikulu ku mzinda. A Thayer apereka galimoto, Maxine ndiye andiperekeze."

"Ndiye waona kuti sindinalakwe."

"Sunalakwe. Chimene chikundipweteka n'chimenecho. Ukanakhala kuti walakwa, bwenzi ndikukukhululukira." Anamuyang'ana, maso ali ofiira. "Ndikudziwa kuti wandipulumutsa. Mutu ukudziwa. Koma ndikakuyang'ana ndikuona benchi ija. Ndikumva anthu akunditcha wamantha. Sindikudziwa ngati zimenezi zidzathe."

"Ndidikira."

"Usadikire. Ndilibe chokupatsa."

"Ndani wakuuza kuti ndimafuna golide? Ndimafuna iwe, wamoyo, ndi ndevu zako zonunkhazo!"

Anayesa kumugwira dzanja, koma Orrin analibweza m'thumba. Kumtunda kuja hutala inalira, kamodzi, mwaulemu.

Nthawi yomweyo chitseko cha nyumba chinatseguka. Bambo Hruska anatuluka pakhonde atavala malaya oyera a ku tchalitchi, tsitsi atapesa ndi madzi. Anaima pamenepo akuyang'ana mnyamata wa pagetiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndamva kuti lero sunasewere," anatero.

"Sindinasewere, bambo."

"Ndipo sudzaseweranso."

"Akutero adokotala."

"Ndiye kuti si iwe munthu wa mpira. Mawu anga sindinaphwanye." Anakankha chitseko mpaka chinatseguka chonse, fungo la supu n'kutuluka panja. "Velma, mutsegulire geti mlendoyo, kunja kukuzizira. Mayi ako amuikira mbale pamalo a Stefan."

Velma anagwira loko wa geti n'kutsegula. Geti linalira n'kuima lotsegula pakati pawo. Orrin anayang'ana khonde, anayang'ana nkhalamba ya malaya oyerayo, anayang'ana mayi amene anasuzumira kumbuyo kwa amuna awo akupukuta manja pa epuloni. Anavula chipewa.

"Zikomo, bambo," anatero. "Koma pamalo a Stefan sindingakhalepo. Ndinamunamiza."

Anavalanso chipewa chija n'kutembenuka. Anakwera msewu pang'onopang'ono, dzanja limodzi likutsata mpanda kuti asaphonye njira. Maxine anatuluka m'galimoto, anamutsegulira chitseko, n'kumugwira mkono pomukweza.

"Mwana wanga," anaitana mayi ali pakhonde, "akupita kuti? Supu izizira."

Velma anangoima pamenepo, dzanja lili pa geti lotsegula, mpaka galimoto inawoloka njanji.